Nambala yomwe ndimaidziwa ndi mfunda wokha

Pamsika wa kwathu kuno ku Kasungu pali mtengo wa mango womwe amuna amasewerapo bawo dzuwa likapendeka. Malume anga ndi mmodzi mwa eni ake a pamtengopo. Ukapanda kuwapeza ndiye kuti kwagwa maliro, apo ayi ali kudimba akuthirira nazale ya fodya. Chakumapeto kwa Okutobala 2024, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinali yasa kukamwa, ndinawapeza ali okha, bawo lili pamiyendo, akudikira mnzawo wosewera naye. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo aphunzitsi a masamu tili ndi nthenda yathuyathu: tikamva kanthu kotikomera timafuna tiuze aliyense, ngakhale amene sanatifunse. Ndinatulutsa foni.

"Malume, ku America apeza nambala."

"Inatayika liti?"

Amayi ogulitsa zitumbuwa chapafupi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ndinafotokoza kuti siinatayike ayi, koma kuti mwa manambala osagawika onse omwe anthu akuwadziwa, iyi ndiye yaikulu kopambana, ndipo ili ndi madijiti 41,024,320. Malume anapukusa mutu, n'kufunsa funso lomwe landikhala m'mutu mpaka lero. "Iweyo waiona, mphwanga?"

Sindinaione, ndipo yonse sindidzaiona. Munthu atati azitchula dijiti imodzi pa sekondi, osagona, osadya, osapita kuseri, angathe masiku 475 kuti afike kumapeto, chaka chathunthu ndi miyezi itatu ndi kanthu. Mutailemba ndi bolopeni, dijiti iliyonse n'kudya theka la sentimita, mzere wake ungatalike makilomita 205. Kumeneko ndi kunyamuka pa Kasungu boma, kutsata msewu wa M1 mpaka ku Lilongwe, n'kubwerera kudutsanso pa Mponela dzanja likadalembabe. Komabe pali zinthu zingapo za nambalayi zomwe ndikuzidziwa motsimikiza kuposa momwe ndingadziwire mtengo wa fodya pa Chinkhoma chaka chamawa. Ndikuzidziwa momwe agogo amadziwira mlendo. Sayamba n'kumuyeza msinkhu. Amangofunsa kuti, "Mfunda wanu ndani?" ndipo akamva kuti a Phiri kapena a Banda, adziwa kale pomukhazika ndi momuitanira.

Tiyambe ndi kusagawikako. Mukakhala ndi mango 12 mutha kuwaunjika milu yofanana m'njira zingapo: iwiri ya 6, itatu ya 4, inayi ya 3. Onjezanipo limodzi akhale 13, muone makani. Milu iwiri, latsala limodzi. Itatu, latsalanso limodzi. Isanu, atsala atatu. Njira zatsala ziwiri zokha, onse mulu umodzi kapena limodzilimodzi kwa anthu 13. Manambala amakani otere m'kalasi timawatcha ma prime number: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, kumanka choncho. Nambala 1 sitiiwerengera m'gululi. Manambala ena onse anamangidwa ndi amenewa ngati njerwa. Mukaphwasula 60 mupeza 2 × 2 × 3 × 5, ndipo palibe njerwa zina zomwe zingamange 60.

Njira yakale yowapezera ili ngati kupeta. Imadziwika ndi dzina la Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene, m'dziko lomwe lero ndi Libya, yemwe ankayang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria zaka zoposa 2,200 zapitazo. Mumalemba manambala mondondoza, kusiya 2 n'kufufuta onse ogawika ndi 2, kusiya 3 n'kufufuta onse ogawika ndi 3, kenako 5, kenako 7. Otsala m'licheromo ndiwo ma prime. Pansi pa 100 mupeza 25. Pansi pa 1,000 simupeza 250 ayi, mupeza 168. Amanka nacheperachepera ngati mitengo yachilengedwe ukamayandikira tauni, moti munthu angaganize kuti kutsogoloku amatheratu.

Satha. Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, anatsimikiza zimenezi ku Alexandria komweko zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo umboni wake ndi waufupi kuposa moni wa pamaliro. Wina abwere ndi mndandanda n'kulumbira kuti ma prime onse ndi awa, kulibenso ena. Achulukitseni onsewo pamodzi, muwonjezerepo 1. Nambala yatsopanoyo mukaigawa ndi aliyense wa pamndandanda paja, patsala 1. Ndiye kuti mwina iyoyo ndi prime, kapena ili ndi njerwa ina yomwe pamndandandapo panalibe. Yesani 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13, muwonjezere 1, mupeza 30,031, yomwe ndi 59 × 509, alendo awiri osaitanidwa. Choncho prime yomaliza kulibe. Tikamati yaikulu kopambana tikunena yaikulu mwa zomwe tazigwira basi.

Ndikamaphunzitsa mutuwu ndimakonda kupatukira ku fupa la ku Ishango, lomwe linafukulidwa mu 1950 m'mbali mwa nyanja ya Edward ku Congo, la zaka pafupifupi 20,000. Pafupapo anatemapo timizere m'magulu, ndipo mbali imodzi magulu ake ndi 11, 13, 17 ndi 19. Akatswiri amakangana ngati wotemayo ankadziwa chomwe ankachita kapena zinangokumana. Ine ndimangowauza ana kuti fupalo amalisunga ku Brussels, koma linachokera kuno ku Africa, n'kuwasiya aganize okha.

Ma prime ali ndi mafunda awo. Pali mapasa, omwe amasiyana ndi 2 yekha, monga 11 ndi 13, 17 ndi 19, 41 ndi 43. Mpaka lero palibe yemwe watsimikiza ngati mapasawa amatha kapena ayi. Pali mfunda wa Sophie Germain, mayi wa ku France yemwe ankalemba makalata kwa akatswiri a masamu ndi dzina lachimuna chifukwa nthawi imeneyo akazi sankawalola m'sukulu zapamwamba za masamu. Prime ya mfunda wake ukaiwirikiza kawiri n'kuwonjezera 1 imabala prime ina: 11 imabala 23, nayo 23 imabala 47. Pali mfunda wa Fermat, katswiri winanso wa ku France, womwe ndi 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Mwini wake ankakhulupirira kuti mzere wonsewo ndi wa ma prime okhaokha, koma mu 1732 Leonhard Euler anapeza kuti nambala yotsatira, 4,294,967,297, imagawika ndi 641, ndipo kuchokera pamenepo wachisanu ndi chimodzi sanaonekebe. Mfunda wa anthu asanu, ngati banja lomwe linasiya kubereka.

Mfunda wa nambala yathuyi sindinachite kuufuna kutali. Unali pamiyendo pa malume.

"Bawo lili ndi maenje angati, malume?"

"Ukufunsa kapena ukundiyesa? 32."

"Nanga njere?"

"64."

Ndinawauza kuti 32 ndi 2 × 2 × 2 × 2 × 2, ma 2 asanu. Mukatseka dzenje limodzi atsala 31, ndipo 31 ndi prime. Nayo 64 ndi ma 2 okwana 6. Mukachotsa njere imodzi zitsala 63, koma 63 ndi milu 7 ya njere 9, siikana kugawika. Kusiyana kwake kuli pa chiwerengero cha ma 2 aja. Chikakhala chogawika, monga 6, yankho nalonso limagawika nthawi zonse. Chikakhala prime, monga 5, pamakhala mwayi. Manambala opangidwa chonchi, kuchulukitsa ma 2 angapo n'kuchotsapo 1, ndiwo a mfunda wa Mersenne. Yopezeka mu 2024 ija ndi ma 2 okwana 136,279,841 ochulukitsidwa pamodzi, kuchotsapo 1, ndipo mwachidule amailemba kuti 2^136,279,841 − 1. Dzina lake likwana pa kapepala ka lisiti ya kugolosale, pomwe thupi lake likufika ku Lilongwe n'kubwerako.

Ndati pamakhala mwayi, sindinati zimatheka nthawi zonse. Mawu amenewa ndinawagula ndi manyazi. Nditangoyamba ntchito pa sekondale ina yoyendera, ndinalemba pabolodi kuti ma 2 awiri amapereka 3, atatu amapereka 7, asanu 31, ndipo 7 amapereka 127. Onsewa ndi ma prime. Mtima uli m'mwamba, ndinalemba lamulo langa pansi pake n'kulidula mzere: chiwerengero cha ma 2 chikakhala prime, yankho limakhala prime. Ana anakopera m'makope. M'mawa mwake mtsikana wina wa Fomu 3, wokhala kumbuyo kwenikweni, yemwe mawu ake ndinali ndisanawamvepo teremu yonse, anakweza dzanja mosakweza.

"Aphunzitsi, ya 11 ija ikugawika."

Ma 2 okwana 11 ndi 2,048, kuchotsa 1 ndi 2,047. Mwanayo anali atakhala usiku pa koloboyi akuyesa kugawa ndi 3, ndi 7, ndi 11, ndi 13, ndi 17, ndi 19, zonse zikukana, mpaka anafika pa 23. Anabwera kutsogolo, analemba 23 × 89, anachulukitsa kalasi yonse ikuona, n'kubwerera pamalo pake osayang'ana munthu. Lamulo langa lija ndinalifufuta ndi chikhatho, dasitala sindinaikumbukire n'komwe. Patapita nthawi ndi pomwe ndinaphunzira kuti 23 uja sanabwere mwangozi. Chilichonse chogawa nambala ya Mersenne yotere chimayenera kukhala chiwerengero cha ma 2 chija chitawirikizidwa kawiri, kanayi, kasanu n'kamodzi kapena kupitirira apo, kuwonjezerapo 1. Onani: 23 ndi 22 ndi 1, 89 ndi 88 ndi 1. Ndikanadziwa zimenezi ndikanamupulumutsira palafini.

Chinanditonthoza n'chakuti mwini mfunda nayenso anaphonya. Marin Mersenne anali wansembe wa Katolika ku France, ndipo mu 1644 anatulutsa mndandanda wa ziwerengero za ma 2 zomwe ankati zimabala ma prime: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Pa 67 ndi 257 analakwitsa, ndipo 61, 89 ndi 107 anazidumpha. Koma kuti anthu amalize kumuchonga panatenga zaka pafupifupi 300. Nkhani ya 67 ndiye yondikomera. Mu 1903, pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku New York, Frank Nelson Cole anaitanidwa kuti ayankhule. Amati bamboyo sanatulutse liwu. Anapita pabolodi, mbali imodzi anawerengera ma 2 okwana 67 n'kuchotsapo 1, mbali inayo anachulukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287. Mayankho anafanana, 147,573,952,589,676,412,927, iye n'kukakhala pansi anthu akuomba m'manja. Akuti ntchitoyo inamudyera ma Sande a zaka zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa nkhonoyo inachita kunyanya.

Tsono n'chifukwa chiyani mfunda umodziwu ndi womwe umangokhala patsogolo chaka ndi chaka? Sikuti ma prime a Mersenne ndi ochuluka. Odziwika alipo 52 okha. Nkhani ndi yoti ali ndi khomo lolowera lomwe anzawo alibe. Njira ya mtsikana uja, yoyesa kugawa ndi nambala imodziimodzi, imagwira pa 2,047, koma pa nambala ya madijiti 41 miliyoni muyenera kuyesa mpaka kufika pa manambala a madijiti 20 miliyoni. Kuti muone kukula kwake, chiwerengero cha ma atomu a m'chilengedwe chonse chomwe timatha kuona chimalembedwa ndi madijiti pafupifupi 80 okha. Ngakhale makompyuta onse a padziko atagwirizana, dzuwa lingazime iwo asanayambe n'komwe.

Khomolo analitsegula ndi Édouard Lucas wa ku France, ndipo Derrick Lehmer wa ku America anadzalikonza bwino cha m'ma 1930. Ndinatola kamtengo n'kuwaonetsa malume pansi, pafumbi, ndi 31 wathu uja. Mumayamba ndi 4. Muichulukitse ndi iyo yomwe, muchotsepo 2: 16 kuchotsa 2 ndi 14. Ulendo woyamba umenewo. Bwerezani: 14 × 14 ndi 196, kuchotsa 2 ndi 194. Popeza yapitirira 31, chotsanimo milu ya 31 mpaka itakana.

Apa malume, omwe mabelo a fodya amawawerengera pamtima kalaliki asanatsegule kalikuleta, anandilanda kamtengo. "Milu isanu ndi umodzi ndi 186. Zatsala 8."

"Ulendo wachitatu, malume. 8 × 8, muchotse 2."

"62." Anakhala kaye chete. "Milu iwiri ndendende. Palibe chotsala."

Lamulo ndi limenelo. Maulendo amakhala chiwerengero cha ma 2 kuchotsapo awiri, ndiye pa ma 2 asanu maulendo ndi atatu. Mukathera pa ziro, nambalayo ndi prime, popanda mwina. Mukathera pena paliponse, ikugawika. Pa 2,047 maulendo ndi 9 ndipo mumathera pa 1,736. Malume anati ameneŵa ndi maula. Ndinati maula satha kuwatsimikiza papepala, pomwe izi umboni wake ulipo, ngakhale kuti ndi wautali woti sungakwane pafumbi la pansi pa mango. Chodabwitsa cha njirayi n'choti ikakuuzani kuti nambala ikugawika, siikuuzani kuti ikugawika ndi chiyani. Ili ngati mfumu yogamula kuti mbuzi inabedwadi koma wakuba osamutchula. N'chifukwa chake Lucas anadziwa mu 1876 kuti ya 67 ija si prime, koma anthu anadikira zaka 27 kuti Cole atchule akubawo. Chaka chomwecho cha 1876 Lucas anatsimikiza ndi manja kuti ya 127, ya madijiti 39, ndi prime, ndipo palibe anaiposa mpaka mu 1951. Mu 1952 Raphael Robinson anapatsa ntchitoyi kompyuta yotchedwa SWAC ku Los Angeles, ndipo chaka chimodzi chokha anapeza asanu atsopano. Kuyambira pamenepo manja anapuma.

Kompyuta imakondanso mfundawu pa chifukwa china. Iyo imawerenga ndi 0 ndi 1 basi, ndipo m'kalembedwe kake nambala ya Mersenne ndi ma 1 okhaokha: 7 ndi 111, 31 ndi 11111, ndipo yathuyi ndi ma 1 okwana 136,279,841 ondondozana, popanda 0 ndi mmodzi yemwe. Chifukwa cha maonekedwe amenewa, kuchotsa milu kuja, komwe ndi ntchito yolemetsa pa manambala ena, kumasanduka kudula nambala pakati n'kuphatikiza zidutswa ziwirizo.

Mu 1996 George Woltman anayambitsa GIMPS, gulu la anthu ongodzipereka omwe amaika pulogalamu yaulere pa makompyuta awo, aliyense n'kupatsidwa nambala yake yoti ayese, ngati momwe timagawanirana mizere polima dima. Ma prime a Mersenne 18 omaliza kupezeka onse anatulukira m'gululi. Mu Disembala 2018 kompyuta ya Patrick Laroche wa ku Florida inapeza ya ma 2 okwana 82,589,933, ya madijiti 24,862,048. Kenako kunali zii kwa zaka pafupifupi 6. Amene anadzathetsa chilalacho ndi Luke Durant wa ku San Jose, California, yemwe kale ankagwira ntchito ku NVIDIA, kampani yopanga zipangizo za makompyuta. Iyeyu sanadalire kompyuta ya panyumba. Anachita lendi zipangizo zotchedwa ma GPU, zomwe poyamba zinapangidwira zithunzi za magemu, masauzande angapo, m'maiko 17. Pa 11 Okutobala 2024 makina ena a ku Dublin anasonyeza kuti nambalayi ikuoneka ngati prime, ndipo pa 12 makina a ku San Antonio, Texas, anaitsimikiza ndi njira yomwe ija tinalemba pafumbi, kuyambira pa 4, maulendo 136,279,839, n'kuthera pa ziro. Zimamveka kuti anawonongapo madola pafupifupi 2 miliyoni. Mphoto ya GIMPS ndi madola 3,000.

Malume anandiuza kuti ndibwereze manambala awiri omalizawo. Nditabwereza anati, "Ameneyo ndi mlimi wa fodya weniweni."

Tsopano ku zomwe ndinalonjeza, zomwe mphunzitsi wa kumudzi angadziwe ndi choko chokha. Dijiti yomaliza ya nambalayi ndi 1. Mukamawirikiza 2, madijiti omaliza amazungulira ngati gule: 2, 4, 8, 6, kenako 2, 4, 8, 6. Gawani 136,279,841 ndi 4, patsala 1, ndiye kuti gule waima pa sitepe yoyamba, pa 2. Chotsani 1, yatsala 1. Kumapeto kwa mzere uja wodutsa pa Mponela ndakuona ndili pano. Kuchuluka kwa madijiti nakonso kumatuluka mukachulukitsa chiwerengero cha ma 2 ndi 0.30103, nambala yomwe aliyense amene anagwirapo buku la ma logarithm ku sekondale amaikumbukira. Mupeza 41 miliyoni ndi kanthu.

Nambala ya Durant ija mukaigawa ndi 3 patsala 1, monga zimakhalira ndi 7, 31 ndi 127. Kanthu kakang'onoka kamatseka makomo awiri. Mukawonjezera 2, nambala yotulukayo ikugawika ndi 3, choncho ilibe mnzake wamapasa kumtunda kwake. Mukaiwirikiza kawiri n'kuwonjezera 1, ikugawikanso ndi 3, choncho kwa Sophie Germain si kwawo. Mukaigawa ndi 4 patsala 3, ndipo pali lamulo lakale la Fermat, lomwe Euler anadzalitsimikiza, logawa ma prime m'magulu awiri. Otsala 1 ukawagawa ndi 4 amatheka kulembedwa ngati masikweya awiri ophatikizidwa, monga 13 yemwe ndi 4 ndi 9, kapena 29 yemwe ndi 4 ndi 25. Otsala 3 satheka. Ndiye ndikudziwa kuti palibe minda iwiri ya sikweya, ya mbali zokwana mamita athunthu, yomwe kukula kwake pamodzi kungafanane ndi nambalayi, ngakhale wina atafufuza mpaka kubwera kwa Yesu.

Ili ndi mwana wake. Pali manambala omwe amatchedwa angwiro, oti zogawa zake zonse zikaphatikizidwa zimabweza nambala yomweyo. 6 ndi 1 + 2 + 3. 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Otsatira ndi 496 ndi 8,128. Euclid anaona kuti prime iliyonse ya mfunda uwu imabala nambala yangwiro: 3 × 2 ndi 6, 7 × 4 ndi 28, 31 × 16 ndi 496, 127 × 64 ndi 8,128. Zaka 2,000 pambuyo pake Euler anatsimikiza kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imabadwa chonchi, palibe ya bambo wina. Choncho tsiku lomwe Durant anapeza prime yake anapezanso nambala yangwiro ya chi 52, ya madijiti oposa 82 miliyoni, osawonjezera ndi tambala yomwe. Ngati kuli nambala yangwiro yosagawika ndi 2, palibe anaionapo, ndipo palibe anatsimikiza kuti kulibe. Funso limeneli ndi limodzi mwa akale kwambiri m'masamu.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi anthu a pakati. Pafnuty Chebyshev wa ku Russia anatsimikiza cha m'ma 1850 kuti pakati pa nambala iliyonse yoposa 1 ndi kuwirikiza kwake kawiri pamakhala prime. Kuchoka pa ya Laroche kufika pa ya Durant mumawirikiza maulendo 53,689,908. Ndiye pakati pa ziwirizi pali ma prime oposa 53 miliyoni mosakayika, ndipo kunena zoona alipo ochuluka koti chiwerengero chawo chokha chili ndi madijiti mamiliyoni. Tinawadumpha onsewo. Ndipo pamwamba pa ya Durant, musanaiwirikize n'komwe, pali prime ina yaikulu kuiposa, ili phee, yopanda dzina. A Mersenne ali ngati banja lomwe linamanga m'mphepete mwa msewu wa tala, lomwe aliyense wodutsa pa basi amalidziwa, pomwe mudzi weniweni uli kuseri kwa phiri. Ngakhale m'banja la pamsewulo kalembera sayenda mwadongosolo. Mu Ogasiti 2008 kunapezeka ya 43,112,609, ndipo patangopita milungu iwiri kunatulukira ya 37,156,667, chaka chotsatira ya 42,643,801, azing'ono ake omwe anali atadumphidwa. N'chifukwa chake odziwa amasamala pakamwa, amati ya chi 52 mwa zodziwika. Ngati mfundawu umatha kapena sutha, nalonso ndi funso lopanda yankho mpaka pano.

Funso la phindu silinachedwe, ndipo linachokera kwa amayi a zitumbuwa aja. Ndikanatha kunama monga ena amachitira, kuti nambalayi imateteza ndalama zathu kubanki. Zoona zake n'zakuti ma prime amagwiradi ntchito yobisa uthenga pa intaneti. Njira ya RSA, ya mu 1977, imadalira kuti kuchulukitsa ma prime awiri akuluakulu n'kosavuta koma kuwalekanitsanso n'kovuta, vuto lomwe lija linadya ma Sande a Cole. Koma ma prime a ntchito imeneyi amakhala a madijiti mazana ochepa, ndiponso achinsinsi. Nambala yoti dziko lonse likuidziwa ili ngati kiyi wopachika pakhomo. Ndinawauza amayiwo kuti phindu lake ndi lofanana ndi la bawo. Anati bola bawo amaonera ulere.

Sabata yotsatira ndinapatsa ana a Fomu 4 nambala ya ma 2 okwana 13 kuchotsapo 1, yomwe ndi 8,191, kuti aiyese ndi njira ya Lucas ndi Lehmer, maulendo 11, mabenchi akupatsirana ngati mpikisano wa kamtengo. Inayenda 14, 194, 4,870, 3,953, 5,970, 1,857, kenako inagwa mwadzidzidzi pa 36, anyamata akumbuyo n'kuyamba kukuwa kuti wina wasokoneza. Sanasokoneze. Inakwera pa 1,294, pa 3,470, n'kutsika pa 128. Benchi yomaliza inachulukitsa 128 ndi 128, inachotsa 2, inapeza 16,382, ndipo mtsikana wina anaona asanagawe n'komwe kuti imeneyo ndi 8,191 kawiri. Nthungululu yake inatulutsa aphunzitsi a kalasi yoyandikana nayo kudzaona ngati kwalowa njoka.

Koma tsiku lija pansi pa mango, mnzawo wa malume anafika ndili pakati pa nkhani ya Chebyshev, ndipo malume anandidula ndi dzanja monga amadulira mwana akafika alendo. Anafufuta masamu athu ndi phazi, anakhazika bawo pakati, n'kuyamba kugawa njere. Mbali ya mnzawoyo inaperewera imodzi. Anawerenganso, anayang'ana pansi pa benchi, anakutumula chipewa, osaipeza.

"63," anatero malume akundiyang'ana cham'mbali. "Milu 7 ya 9. Koma ife tilipo awiri. Tatola kamwala apo, mphwanga."